Kamera Inkaonetsa Nkhope Yokha

Ndiyambe ndi chimene sindinauze amayi, amalume ngakhale abusa. Mwezi womaliza wa moyo wawo, achemwali anga sanali kwa amuna awo ku Balaka monga mmene mudzi wonse ukudziwira. Anali kwanga, m'kachipinda kanga ka lendi ku Liwonde. Ankagona pabedi langa, ine ndi mwana tili pamkeka. Ndinkati chinthu chimenechi ndichisunga mumtima, koma chikundisowetsa tulo. Ndiye ndaganiza zolemba mmene tsiku la maliro awo linayendera. Mayina sinditchula.

Tsikulo ndinadzuka kusanache, mawu a kumzikiti wa kutsidya kwa msewu asanamveke. Kudzukako n'kungonena chabe. Ndinangowodzera chokhala, nditatsamira chipupa cha nyumba ya siwa, mwana wanga ali pamiyendo. Bokosi linali pakati pa chipinda. Linafika dzulo lake madzulo pa lole imene aphunzitsi anzawo a alamu anasonkherana. Amayi anali atakhala kumutu kwake, osalira, akungosisita thabwa ndi chikhatho ngati akugoneka mwana. Amayi a kutchalitchi anali atagona mopingasana. Zaka zabwino nyimbo za pasiwa zimafika mpaka m'bandakucha. Chaka chimenechi zinkayamba bwinobwino n'kufera panjira, chifukwa munthu amene wadya mango owiritsa okha sangakoke nyimbo usiku wonse.

Ndinatuluka panja. Unali mwezi wa Disembala, ndipo mvula yoti munthu n'kudzala inali isanagwe. Dzuwa linali lisanatuluke koma mpweya unali wofunda kale. Azibambo anali atagona mozungulira phulusa. Alamu anga, amuna awo a malemu, anali atakhala okha panjerwa pafupi ndi khola limene mbuzi zake zinatha kugulitsidwa. Anali atavalabe shati yomwe anapita nayo kuchipatala. Mkamwini sakhala pakati pa eni mbumba, ngakhale maliro ali a mkazi wake. Anandipatsa moni. Ine ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

Adzukulu ananyamuka ndi makasu ndi mapiki kuwala kutangoyamba. Kwathu kuno, pakati pa Nsanama ndi Ntaja, manda a Asilamu ndi ena, a Akhristu ndi ena, koma okumba ndi omwewo. Ndinawaona akudutsa m'mizere ya m'munda mwa amayi, imene inali itakhala yosadzalidwa kwa nthawi yaitali mpaka inayamba kugumuka.

Achemwali anali oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ine chitsiriza. Anayamba ndi uphunzitsi wa ku pulayimale, kenaka analowa ntchito yoyendera sukulu za mkombaphala m'midzi ya Machinga ndi Balaka. Sanasiye kuphunzira. Zaka zomalizazi ankachita digiri yapamwamba kwambiri, ya udokotala wa maphunziro a ana aang'ono, ndi yunivesite ya kunja. Sanakwerepo ndege. Zonse zinkachitika pa intaneti, pa laputopu ndi pafoni. Amayi ankaitchula kuti sukulu ya pafoni, ndipo sankaikonda. Ankati sukulu yopanda belu, yopanda mphunzitsi womuona ndi maso, ingomudyera mwana wawo ndalama ndi tulo. Ine ndili ndi setifiketi chabe ya ku koleji, ya kaleredwe ka ana komweko. Anandilipirira ndi achemwali.

Kutacha, amayi a m'mudzi anayala mafuwa kuseri kwa nyumba. Anayala ambiri, molingana ndi munthu amene wamwalira, koma moto unasonkhedwa pa ochepa. Mwambo wathu ndi woti khomo lililonse libweretse mbale ya ufa. Mbale zinabwera ndithu, koma zonse zovundikira ndi nsalu, ndipo mayi amene ankalandira sankavundukula pagulu. Ankalowa nayo m'khitchini n'kubweza mbale yopanda kanthu, akuthokoza mofanana kwa aliyense. Nditalowa kukatenga chikho ndinaona zimene zinali m'lichero: gaga, makaka a chinangwa, timanja ta ufa woyera apa ndi apo. Chimanga chenicheni chinachokera kwa amalume. Iwo ali ndi dimba kumtsinje ndi kagolosale pa Nsanama, ndipo pa abale athu onse ndi okhawo amene anali ndi matumba m'nyumba.

Chimanga chimenecho ndinkachidziwa bwino. Sukulu ya mkombaphala imene ndinkaphunzitsa ku Liwonde inatsekedwa makolo atasiya kulipira. Bambo a mwana wanga anapita ku Joni, ndipo foni yawo inasiya kugwira kalekale. Lendi ankandilipirira achemwali. Chakudya chinali ndowa ya chimanga imene amalume ankanditumizira mwezi ndi mwezi. Ndanena izi kuti mumvetse zimene zikubwerazi, osati kuti mundikhululukire.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanakwere. Ena wapansi kuchokera m'midzi ya kunyanja, ena pa kabaza kuchokera ku Ntaja, ena anatsika minibasi pamsewu pamene tinaika masamba. Kunabwera magalimoto a ku boma, ndi anthu ovala zitupa m'khosi. Kunabweranso ambiri amene achemwali sanawadziwepo. Iwowa ankakhala mbali imene utsi unkalowera, ndi ana awo, maso ali kumafuwa. Palibe anawanena. Chaka cha njala maliro amakoka anthu kuposa ukwati. Kenaka kunafika gulu la amayi ndi abambo ochepa ovala zitenje zofanana zakalekale, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anali alezi a m'sukulu za mkombaphala zimene achemwali ankayendera. Ena anali atayenda kuyambira usiku.

Kwathu, ngakhale thupi lichoke kuchipatala litakonzedwa kale, amayi akuluakulu a m'mudzi amalisambitsanso ndi kuliveka okha m'mawa wa tsiku loika. Nthawi imeneyo itakwana, anatitulutsa tonse m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinakaima kuseri, pansi pa windo. Ndinkamva madzi akuthiridwa m'beseni. Kenaka madzi anasiya kumveka. Ndinadziwa kuti afika kumiyendo.

Achemwali anabwera kwanga chifukwa cha magetsi ndi netiweki. Kusukulu kumene alamu amaphunzitsa, mkati mwa Balaka, foni imagwira munthu ukakwera pachulu. Iwo anali atatsala ndi mayeso amodzi okha, oyankha pakamwa. Mapulofesa a m'maiko osiyanasiyana ankayenera kukhala pa makompyuta awo ola limodzi, n'kumawafunsa za buku la kafukufuku limene analemba. Tsiku loti onsewo apezeke linavuta kulipeza. Kuliphonya kukanatanthauza kudikira chaka china ndi fizi ina. Ndiye anagwirizana ndi alamu kuti adzakonzekere kwanga, ana atsale ndi bambo awo, ndipo amayi asauzidwe. Amayi akanati mkazi wasiya mwamuna ndi ana pa njala chifukwa cha sukulu ya pafoni. Ana anangouzidwa kuti amayi awo ali kusukulu.

Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Kenaka nsapato zinayamba kukana. Kenaka ankati akachoka kubafa, ankayamba akhala kaye pakhonde kuti mpweya ubwerere. Ndinawakakamiza mpaka tinapita ku kachipatala kena. Dokotala anadina chala pamsongolo pawo, n'kuchotsa, dzenje linatsala pomwepo. Anati ndi nkhani ya mtima, mwinanso impso, ndipo ayenera kukagonekedwa ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Achemwali anavomera mwaulemu, analandira mapiritsi, tinatuluka. Titafika panja anandigwira padzanja mwamphamvu.

"Iwe, zaka zonsezi ndidzagwere pakhomo? Kwatsala masabata awiri okha. Ndikamaliza ndikagona ndekha m'chipatalamo, sudzachita kundikoka."

Ndinati nanga akakomoka. Anaseka n'kunena kuti mapulofesa safunsa miyendo. Kenaka anandilumbiritsa kuti ndisauze alamu, ndisauze amayi.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yoimika foni. Madzulo aliwonse alamu ankakwera pachulu paja ndi ana n'kuimba ya vidiyo. Ndinazindikira kuti foni ikakhala m'munsi, kutupa kwa nkhope kunkaoneka. Ndiye ndinkaika ndowa patebulo, foni pamwamba pa ndowa, kuti iziwayang'ana chotsika. Ndinkakoka katani pang'ono, n'kuwapaka paudala. Palibe anandiphunzitsa zimenezi, ndinazitulukira ndekha. Tsiku lina alamu anapempha kuti alankhule nane, n'kufunsa ngati achemwali akudya, chifukwa mawu awo ankamveka ofooka. Ndinayankha kuti akudya, angotopa ndi kuwerenga.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena. Inenso ndinkafuna kuti amalize. Anali atandiuza kuti digiriyo ikatuluka pali ntchito imene ikuwadikira m'tauni, ndipo adzanditenga. Ndikawamva akutsokomola, ndinkaganiza za chipatala. Ndikayang'ana mwana wanga, ndinkaganiza za ntchitoyo. Sindikudziwa kuti ndi ganizo liti limene linkalemera kwambiri, ndipo ndimaopa kulifufuza.

Tsiku la mayeso mnzawo wina anatibwereka ofesi yokhala ndi sola. Kumtunda achemwali anavala jekete yakuda yatsopano ndi ndolo, tsitsi ndinawaluka ndekha. Kumunsi anali ndi chitenje chakale, mapazi opanda nsapato ali pa pilo pamwamba pa kreti. Ine ndinakhala pansi, pambali pa tebulo pomwe kamera sinkafika. Mwana ndinamuika kubere kuti asalire, dzanja linalo ndinagwira phazi lawo. Pa laputopu panaoneka timabokosi, m'kabokosi kalikonse muli nkhope.

Analankhula Chingerezi nthawi yaitali, ndipo zambiri ndinkazimva. Anafotokoza zimene anaona atakhala pamkeka ndi ana m'midzi yathuyi. Anati phala likatha pasukulu ya mkombaphala, mwana sayamba ndi kujomba. Amabwerabe. Choyamba amasiya kufunsa mafunso. Kenaka amasiya kuimba. Amangokhala phee pamalo pake, ndipo mlezi amene sanaphunzitsidwe amayesa kuti mwanayo wayamba khalidwe. Mapulofesa anafunsa, iwo anayankha, pena mpaka anawaseketsa. Atatha, timabokosi tonse tinazima kwa kanthawi, kenaka tinayakanso. Mayi wina wa imvi anawatchula kuti Dokotala. Achemwali anamwetulira, mano onse poyera. Phazi lawo linkanjenjemera m'dzanja langa, lozizira ngati mtsuko.

Nditatseka laputopu ndinati tsopano tiyeni kuchipatala. Anati iyayi, akawaone kaye ana, chipatala mawa. M'mawa mwake ndinawakweza minibasi ya ku Balaka. Alamu atawaona akutsika pa kabaza, sanawalole ngakhale kulowa m'nyumba. Anapita nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Anamwalira tsiku lotsatira.

Chitseko cha nyumba ya siwa chinatseguka. Amayi osambitsa aja anatuluka osayang'ana munthu. Wamkulu wa iwo anapita molunjika pamene panali amalume, anagwada, n'kulankhula chapansipansi. Posakhalitsa nkhani inali itayenda kumafuwa konse. Ankati awa si matenda a tsiku limodzi. Miyendo ngati mitondo. Munthu angatupe chonchi mwamuna wake osaona, akugona naye nyumba imodzi?

Amalume anaitanitsa bwalo la pabanja pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola. Panali iwo, abale awo, amayi, ankhoswe, alamu ndi akulu awo amene anabwera nawo kuchokera ku Balaka. Ine ananditumiza madzi akumwa, ndipo nditawapereka palibe anandiuza kuti ndichoke. Amalume si munthu wokalipa. Amalankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza shuga pa sikelo. Anafotokoza zimene amayi osambitsa anaona, n'kufunsa alamu kuti kutupako anakuona liti.

"Ndinaona mochedwa," anatero alamu.

"Mochedwa bwanji, bambo, munthu mukukhala naye nyumba imodzi?"

Akulu awo a alamu anawagunda ndi chigongono kuti alankhule. Alamu ankangoyang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato zawo. Mawu amodzi okha akanakwana: anali ku Liwonde. Ndinkawadikira mawuwo ngati mmene munthu amadikirira mbama. Sanabwere. Alamu sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo apo ndi pamene ndinadziwira kuti achita dala.

Amayi analankhula koyamba chifikire maliro. Anati mwezi wonsewu ankaimba foni, alamu n'kumawauza kuti mwana wawo ali bwino, watanganidwa ndi sukulu yake. Zinali zoona. Alamu ankanenadi zimenezo, chifukwa ndi zimene ine ndinkawauza.

Kenaka amalume anatembenukira kwa ine. "Iwe unkalankhula nawo kawirikawiri. Sanakuuzepo kanthu?"

Mwana anali kumbuyo, akukoka mpango wanga. Ndinayang'ana manja a amalume ali pamawondo, manja omwe aja amene amandidzazira ndowa. Ndinayang'ana amayi.

"Ankangoti atopa ndi kuwerenga," ndinatero.

Chigamulo sichinachedwe. Mwambo wathu ndi woti mwamuna woferedwa amakhala kaye pamudzi, kulira limodzi ndi abale a mkazi wake, ndipo amadzamusudzula bwinobwino pakapita nthawi, n'kukambirana za ana. Amalume anati pano sipafunika kudikira. Alamu asudzulidwa tsiku lomwelo tikachoka kumanda. Salankhula pa mwambo. Ana ndi a mbumba ino, atsala konkuno ndi agogo awo. Akulu awo a alamu anapempha, akuomba m'manja, kuti anawo akamalize kaye teremu, ndiponso kuti kwa bambo awo kuli malipiro a mwezi ndi mwezi pamene kuno kuli njala. Amalume anayankha kuti malipirowo analipo pamene mayi wa anawo ankatupa. Bwalo linathera pomwepo.

Mwambo unachedwa kuyamba. Adzukulu anatumiza uthenga kuti nthaka yauma ngati simenti, piki ikudumpha, akufuna madzi othira m'dzenje ndi kanthu kam'mimba. Amayi a m'mudzi anapanga mzere wopita kumjigo, umene masiku amenewo unkatulutsa madzi ngati ukuumira. Ena mwa anthu okhala pansi anayamba kunong'onezana kuti malemu akukana kupita, ali ndi mawu. Ndinamva zimenezi ndili ndi ndowa pamutu, madzi anandikhavukira m'khosi.

Dzuwa litapendeka anatulutsa bokosi n'kuliika pamipando pabwalo. Tinayamba kuona nkhope. Amayi anali atasankha okha chovala m'chikwama chimene chinabwera kuchokera ku Balaka, ndipo anasankha chatsopano kuposa zonse. Nditafika pa kagalasi ka bokosi, ndinaona nkhope yopakidwa paudala ndi kolala ya jekete yakuda. Basi. Zina zonse zinali pansi pa thabwa. Anaoneka chimodzimodzi mmene ankaonekera pa laputopu. Mayi amene anali patsogolo panga anati akuoneka bwino, ngati angogona. Ndinangoima pomwepo osasuntha, ndipo anthu anandigwira n'kukandikhazika pamthunzi. Ankati ndi chisoni cha mng'ono wake.

Mbiri ya malemu anandipatsa ine kuti ndiwerenge, poti ndinapita ku koleji. Ndinawerenga za kubadwa kwawo, sukulu zimene anadutsa, ukwati, ana awiri, ntchito. Ndinawerenga kuti masiku ochepa asanamwalire anamaliza digiri yapamwamba kuposa zonse, ndipo amene tikuika lero ndi Dokotala wa maphunziro a ana. Anthu anachita phokoso lapansipansi. Wina anayamba kuomba m'manja n'kusiya, atakumbukira pamene ali. Amayi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndinafika pa mzere wonena kuti anadwala nthawi yochepa. Ndinauwerenga mawu osanjenjemera. Mpaka lero chimandiopsa n'chimenecho.

Mmodzi wa alezi aja, mayi wachikulire wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta, anapempha kulankhula. Anayamba m'Chichewa, mawu atamuthera anapitiriza m'Chiyao. Anati alendo a ku boma akabwera kusukulu kwawo amapatsidwa mpando, koma mayi uyu ankaukana, ankakhala pansi ndi ana mpaka chitenje kuda. Anati ndi iyeyu amene anawaphunzitsa kuti mwana wofatsa kwambiri uyambe wamufunsa ngati wadya. Atatero, alezi onse anaimirira n'kuimba kanyimbo ka ana kowerengera zala, motsitsa, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Sinali nyimbo ya maliro. Abusa sanawaletse.

Tikunyamuka kupita kumanda, mitambo inali itasonkhana kumapiri, yakuda bii. Kunabwera mphepo, fumbi ndi masamba ouma. Madontho angapo anagwa pabokosi, fungo la dothi lonyowa linamveka. Anthu onse anayang'ana kumwamba, ngakhale onyamula bokosi, ngakhale amayi. Nyimbo inaima. Kenaka mphepo inakankhira mitamboyo chakumadzulo, dzuwa linabwerera, ndipo nyimbo inayambiranso pamene inalekera. Tinadutsa m'minda ya anthu amene ananyengedwa ndi mvula yoyamba. Chimanga chawo chinamera kufika pa chala n'kupsa chiimire. Amayi achisilamu anatiperekeza mpaka pamphambano n'kuima, monga mwa mwambo wawo, amuna awo anapitirira nafe. Ana a malemu ankayenda ndi amayi kumbuyo kwa bokosi. Bambo awo anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, pamodzi ndi anthu obwerera chakudya.

Kumanda sikunachedwe. Dothi limene linatuluka m'dzenje linali zibuma zolimba, ndipo pobwezera zinkagunda bokosi mwaphokoso. Wamng'ono wa malemu, mnyamata wa zaka zinayi, anatseka makutu. Poitana oika nkhata anatchula amayi, ana, amalume, abale, a kuntchito, alezi. Dzina la alamu silinatchulidwe. Anthu atayamba kubalalika, ndinawaona atatola kachibuma n'kukaika pambali pa mtumbira, mwakachetechete, n'kuchokapo.

Kunyumba, adzukulu anadya poyamba monga mwa lamulo. Zotsalazo sizinakwane. Panali kukankhana pang'ono, mbale ina inagwa, ana anatola zapansi. Kusudzula kunachitika anthu akudya, mawu ochepa chabe pakhonde. Alamu anagwada, anathokoza, anatsanzika amayi amene sanawayankhe. Anauza ana kuti abwera Loweruka. Kenaka ananyamula chikwama chawo n'kulowera kumsewu. Akulu awo anali atatsogola kale ndi mkwiyo.

Ndinatenga poto wobwereka ngati ndikukabweza, n'kuwatsatira. Ndinawapeza pamsewu pomwe panali masamba aja, akudikira kabaza.

"Alamu, ndikukanena."

"Mukanena chiyani?"

"Zonse. Kuti anali kwanga. Kuti dokotala ananena, ine ndilipo."

Anafunsa ngati ndowa ya mwezi uno ndalandira kale. Ndinati iyayi.

"Ndiye uyu ali kumbuyoyu adya chiyani? Mukathamangitsidwa inunso, anga awiriwa aziwayang'ana ndani? Amayi ataya mwana mmodzi lero, musawatayitse wachiwiri tsiku lomwelo. Dikirani anthu akolole. Munthu wokhuta amamva nkhani."

Ndinayamba kulira, koyamba tsiku lonselo. Iwo sananditonthoze. Anayang'ana kumsewu, n'kufunsa ngati akazi awo anayankha bwino pa mayeso paja. Achemwali sanapeze mpata wowafotokozera, mpweya unali utachepa kale. Ndinawauza zonse, za timabokosi, za mapulofesa kuseka, za mayi wa imvi amene anawatchula Dokotala. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anafunsa kuti ine ndinali pati. Ndinati pansi, nditagwira phazi.

"Foni ija munkaiika pamwamba dala."

"Eya."

Sananene kuti andikhululukira, sananenenso kuti sandikhululukira. Kabaza atafika anamangirira chikwama, n'kutembenuka. "Wamkuluyo akamva njala amalira, simuvutika naye. Wamng'onoyo sanena. Muzimuyang'ana." Anakwera, ndipo ndinawaona mpaka fumbi linawabisa.

Madzulo pakhomo panali zii. Magalimoto anapita, alezi anayamba ulendo wawo wautali, obwerera chakudya anabalalika moto utangozima. Panatsala mafuwa akuda, mikeka yobwereka itapindidwa pakhonde, ndi mipando iwiri imene anaikapo bokosi, imene palibe anafuna kuichotsa. Amalume anatumiza ndowa ya chimanga, yodzaza mpaka pamwamba kuposa masiku onse, ndi uthenga woti ndisiye chipinda cha ku Liwonde ndidzakhale ndi amayi, ndiziwathandiza kulera anawa.

Amayi anandiitana kuti ndikhale pafupi nawo. Anafunsa ngati zinali zoona zimene ndinawerenga, kuti sukulu ya pafoni ija inathadi. Ndinati inatha, ndipo anakhoza. Amayi anati iwo ankamunyoza mwana wawo pachabe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ine ndekha ndi amene ndinkamumvetsa, ndipo ndikanakhala naye pafupi sakanafa chonchi.

Mtsikana wa malemu analira mpaka anagona. Mnyamatayo anakhala pamkeka pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula, manja ali pamawondo. Sanafunse kuti Loweruka ndi liti. Sanafunse kanthu. Amayi anamuyang'ana n'kunena kuti mwana uyu ndi wofatsa, watengera amake. Ndinadzuka n'kukamukazingira chimanga cha m'ndowa ija.

Pamene ndikulemba izi ndikukhala kwa amayi. Mvula inabwera mochedwa, tinadzala, inadulanso. Chimanga chili m'mawondo ndipo masana chimapinda masamba. Alamu amatumiza kangachepe kudzera kwa ine, koma Loweruka lija silinakwanebe, chifukwa amalume anati asapondenso pamudzi pano. Alamu anandiuza kuti ndidikire anthu akolole, ndipo ndikayang'ana mundawu sindikudziwa ngati kudzakhale kokolola. Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndiuzeni. Ku Liwonde ndinakhala chete chifukwa achemwali anandipempha. Pansi pa mango paja ndinakhala chete popanda wondipempha. Pano ndili chete chifukwa alamu anandipempha, ndipo ana atatu akudya. Kodi ndikuchita bwino, kapena ndangoikanso foni pamwamba pa ndowa?